Momwe mungayendere ku Jambiani, mudzi wa asodzi pachilumba cha Zanzibar

Ife amene tinakulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi timadziwa kuti madzi amene wawasiya m'mawa pa Senga Bay ukawapeza pomwepo madzulo. Ku Jambiani sizitero. Mutha kudzuka mutavala zosambira n'kupeza nyanja yathawa, yasiya mchenga wonyowa mtunda wautali mpaka kumene mafunde akuoneka ngati kamzere koyera. Ulendo wonse wa kumeneko muukonze motsatira madzi amenewa, osati wotchi yanu.

Jambiani ali kum'mwera chakum'mawa kwa chilumba cha Unguja, chomwe ambiri timangochitcha Zanzibar, makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Stone Town.

Choyamba, sankhani mwezi. Kuyambira Malichi mpaka Meyi kumagwa mvula yaikulu yomwe eni ake amaitcha masika, ndipo malo ena ogona amatseka. Juni mpaka Okutobala kumakhala kouma ndiponso kozizirirako, koma kumaomba mphepo yochokera kum'mwera yotchedwa kusi, m'bale wake wa mwera wathu. Onaninso kuti Ramadan igwa liti, pakuti anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu ndipo malo odyera a m'mudzi satsegula masana m'mwezi umenewo.

Chachiwiri, mapepala. Mmalawi safunika viza popita kukacheza ku Tanzania, koma pasipoti ikhale m'thumba lanu, osati pansi pa chikwama, chifukwa padoko la Zanzibar amaionanso ngakhale munadinditsa kale pa Songwe. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linalamula kuti alendo azigula inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, ndipo inayamba pa madola 44. Imagulidwa pa intaneti. Onani mtengo wake musananyamuke. Majumbo apulasitiki asiyeni kunyumba, Tanzania inawaletsa mu 2019.

Chachitatu, kufika ku Dar es Salaam. Basi imadzera ku Karonga, Songwe, Mbeya, Iringa ndi Morogoro, ndipo ndi ulendo wogona panjira. Amene thumba likulola akwere ndege. Mukangooloka malire, kankhirani wotchi patsogolo ndi ola limodzi. Pali kanthu kena komwe kamasiyitsa anthu sitima: m'Chiswahili tsiku amayamba kuliwerenga dzuwa likatuluka, choncho munthu akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa, osati 1 koloko.

Chachinayi, sitima. Zothamanga za Azam Marine zimatenga pafupifupi maola awiri. Gulani tikiti pa intaneti kapena pazenera la ofesi yeniyeni, mutanyamula pasipoti. Panja pamakhala anyamata okuthamangirani, wina kulanda chikwama, wina kukulozerani kaofesi kena. Akaneni mwaulemu n'kupitirira. Nthawi ya kusi kwerani ya m'mawa, nyanja isanakwiye, ndipo ngati Ilala inakuzunguzanipo mutu musadye zamafuta.

Chachisanu, ndipo apa ndikupemphani ndithu: musatsike sitima n'kulumphira m'galimoto yopita kugombe. Gonani ku Stone Town usiku umodzi. Mzindawu UNESCO inauika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse m'chaka cha 2000, koma kwa ife nkhani si zitseko zosema zokha ayi. Pitani ku Mkunazini, kutchalitchi cha Anglican cha Christ Church, chomwe chinayamba kumangidwa mu 1873 pamalo pamene panali msika wa akapolo, chaka chomwecho msikawo utatsekedwa. Ambiri mwa anthu ogulitsidwa pamenepo anachokera kwathu kuno. Jumbe wa ku Nkhotakota ankawaolotsa nyanja m'ngalawa, n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Kilwa, kenako Zanzibar. M'tchalitchimo muli mtanda wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone. Mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA, yomwe inamanga tchalitchichi, ndiyo inadzamanganso tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. Tsikirani m'tizipinda tapansi ta pafupi ndi tchalitchicho, tomwe amati ankasungiramo akapolo, mukhalemo kanthawi osajambula. Ine ndinatulukamo m'khosi mutauma, ndikuganiza kuti mwina wina wa kumtundu kwathu anapumira mpweya wotentha womwewo.

Madzulo kadyereni ku Forodhani, m'mbali mwa nyanja. Funsani mtengo musanaloze chakudya. Urojo, msuzi wowawasa wa mbatata yachizungu, ndi madzi a nzimbe ofinyira ndimu ndi jinja, sizikhumudwitsa.

Chachisanu ndi chimodzi, njira ya ku Jambiani. Takisi imatenga ola ndi theka kapena kucheperapo. Gwirizanani mtengo musanakwere. Yotsika mtengo ndi daladala, matola a kumeneko, ena mwa iwo timalole ta mabenchi kumbuyo, dzina la kopita litalembedwa kutsogolo. Msewu umadutsa m'nkhalango ya Jozani, kwawo kwa anyani ofiira otchedwa kima punju, amene ndi a ku Zanzibar kokha. Mukafika pa Paje mumakhotera kum'mwera. Tapani ndalama za shilingi zokwanira musanafike m'mudzi.

Tsopano madzi aja. Amaphwa kawiri n'kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Mawu ake simuvutika nawo: amati "maji kupwa" ndi "maji kujaa". Mukangofika funsani pamalo ogona kuti mawa madzi adzaza nthawi yanji, ndiyo nthawi yosambira. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, madzi amathawira kutali kwambiri n'kubwerera mwamphamvu. Poyenda pamchenga wophwa valani nsapato zapulasitiki, chifukwa m'timaenje mumabisala tizilombo takuda taminga ngati nungu. Mukaona madzi ayamba kubwerera, tembenukani pomwepo. Amadzaza msanga makwawa omwe ali kumbuyo kwanu.

Madzi akaphwa m'pamene mudzi umagwira ntchito. Amayi amalowa atamanga nsalu m'chiuno kupita kuminda yawo ya mwani, ndere za m'nyanja zomwe amamangirira pazingwe pakati pa zikhomo. Ulimiwu unakhazikika pachilumbachi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Amakolola pakatha milungu pafupifupi isanu ndi umodzi, kuyanika, n'kugulitsa kuti zikapangidwe zolimbitsa zakudya ndi zodzola kunja. Ndi ntchito yothyola msana, ya malipiro ochepa. Zingwezo ndi munda wa munthu, musapondepo monga simungaponde nazale ya fodya ya mnzanu. Musawajambule musanapemphe, ndipo ngati akugulitsa sopo wa mwani, gulani osanenerera kwambiri.

Kugombe valani zosambira, koma polowa m'mudzi phimbani mapewa ndi mawondo. Chitenje chanu cha kunyumba chikwanira. Wamkulu mumulonjere kuti "shikamoo", adzayankha "marahaba". Mowa umwereni pamalo ogulitsira, osati m'njira.

Chakudya chabwino chili m'timalesitilanti ta m'mudzi, kumene mumaitanitsa masana kuti mudzadye madzulo: mpunga wa kokonati, nsomba ya tsiku lomwelo, kapena pweza, kanyama ka miyendo isanu ndi itatu kophikidwa mu msuzi wa kokonati. Nsima ikakusowani itanitsani ugali. Mukafuna kulowa m'nyanja, pangani mtengo ndi mwini ngalawa ya thanga, funsani ngati ali ndi majekete oyandamitsa, ndipo mulole iyeyo atchule ola lonyamukira.

Pobwerera, gonaninso ku Stone Town kuti mukwere sitima ya m'mawa, tikiti mutagula dzulo lake.