Kuwerengetsa mtunda wa pa ndege pakati pa mizinda iwiri yotalikirana

Musayeze ndi rula pa mapu a papepala. Dziko n'lobulungira, ndipo mapu akaliyala pansi amalitamula, makamaka chakumpoto ndi chakumwera, moti mzere wooneka wowongoka pamenepo si njira yachidule. Mukakhala ndi mapu aja obulungira ngati mpira, kungani ulusi kuchoka ku London kufika ku New York. Muona ukudutsa pa Ireland, kenako cha ku Newfoundland ku Canada. Mtunda umene makampani a ndege amalemba ndi wa njira imeneyo.

Kuti mupeze nambala yeniyeni mufunika kakyuleta yokhala ndi mabatani a sin ndi cos. Yambani ndi kusankha mabwalo a ndege, chifukwa mzinda umodzi umatha kukhala ndi angapo. Apa titenga Heathrow ya ku London ndi JFK ya ku New York. Heathrow ili pa madigiri 51.47 kumpoto ndi 0.45 kumadzulo, JFK ili pa 40.64 kumpoto ndi 73.78 kumadzulo. Pa bwalo lililonse, nambala yoyamba ndi latitude (kutalika kwake kuchokera pa equator, mzere wozungulira pakati pa dziko), yachiwiri ndi longitude (kutalika kwake kuchokera pa mzere wodutsa ku Greenwich, ku London).

Chulukitsani sin 51.47 ndi sin 40.64, mupeza 0.5095. Kenako pezani kusiyana kwa ma longitude: 73.78 kuchotsapo 0.45, patsala 73.33. Chulukitsani cos 51.47, cos 40.64 ndi cos 73.33, mupeza 0.1356. Phatikizani mayankho awiriwa, akhala 0.6451, ndiye dinani cos⁻¹. Ituluka 49.83, kutanthauza madigiri amene alekanitsa mabwalowa. Digiri imodzi ndi makilomita 111.2, choncho mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 5,540.

Ambiri amaphonyera pa zinthu zazing'ono. Kakyuleta ikhale pa DEG, kutanthauza madigiri; ikakhala pa RAD, muyeso wina wa makona, yankho limasokonekeratu. Mzinda wakumwera kwa equator, monga Johannesburg kapena Sydney, latitude yake muilembe ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo. Mzinda wina ukakhala kum'mawa kwa Greenwich wina kumadzulo, ma longitude muwaphatikize, musachotsere. Samalaninso ndi mphindi: 51°28' si 51.28 ayi. Digiri ili ndi mphindi 60, ndiye gawani 28 ndi 60, mupeza 0.47.

Onetsetsaninso muyeso umene mwaupeza polemba. Mailosi wamba ndi makilomita 1.609, koma oyendetsa ndege amawerengera mailosi a panyanja, amene ndi makilomita 1.852.

Nambala mwapezayi ndi mtunda wochepetsetsa, ndipo ndege kawirikawiri imapitirirapo. Imazemba mitambo ya mkuntho, imatsata njira zimene oyang'anira mlengalenga apereka, imazungulira podikira mpata wotera. Mayiko ena sadutsika. Kuyambira 2022 makampani ambiri sadutsa mumlengalenga mwa Russia, ndipo ulendo wa London kupita ku Tokyo, umene unkatenga maola ngati 12, tsopano umafika maola 14.

Pofuna nthawi, gawani mtunda ndi liwiro la makilomita 850 pa ola, muwonjezepo theka la ola la ponyamuka ndi potera. Pa makilomita 5,540 mupeza maola 7. Izi zimayandikira nthawi yochoka ku New York kupita ku London, koma pobwerera yembekezani maola pafupifupi 8, chifukwa kumwambako kumawomba mphepo yamphamvu yochokera kumadzulo, ndipo ndege yolowera ku America imalimbana nayo ulendo wonse.