Momwe mungadziwire kuti mtsetse wa dongo ukufuna kugumuka, ndi zoti muchite

Dothi likagumuka anthu amangoti ndi mvula ya dzulo ija, koma madzi amene amagwetsa mtsetse wa dongo ndi aja ali mkati osaoneka, omwe akhala akulowerera kwa masabata kapena miyezi. Dongo silitaya madzi msanga ngati mchenga, ndiye madziwo akadzaza timipata ta m'dothi amayamba kukankha, dothi limasiya kugwirana komanso limalemera, basi malo onse ayamba kuyenda.

Choyamba kwerani pamwamba pa mtsetsewo muyang'ane ming'alu. Ija yaing'onoing'ono yomwe makande amachita kukatentha si yomwe ndikunena, koma mng'alu umodzi wautali wopindika ngati uta, mbali imodzi itatsikako kusiya inzake. Khomani zikhomo ziwiri uku ndi uku, muyeze mpata wake ndi tepi n'kulemba tsiku, kenako muziyezanso mvula ikagwa. Ukamakula dziwani kuti dothi likuyenda ndithu.

Mukatero tsikani m'munsi. Dothi lotupa ngati mimba, mitengo kapena mapolo opendekeka, mpanda wong'ambika, zonsezo n'zizindikiro.

Chachitatu, ndipo apa mpomwe ine ndimati anthu asamachite changu, onani momwe dothi linayalidwira. Pezani pomwe panakumbidwa kapena pamene madzi anakokolola muone magawo ake. Ngati pamwamba pali mchenga kapena miyala ndipo pansi pali dongo, madzi amadutsa mumchengamo mosavuta n'kukaima padongopo, nde mupeza kamzere konyowa kapena kakasupe kakutuluka pomwe ziwirizi zakumana, ngakhale kunja kuli dzuwa. Pamenepo ndi pomwe pamaterera. Zimaipa kwambiri magawowo akapendekera komwe mtsetse walowera, ndipo malo omwe anagumukapo kale sabwereranso mphamvu zake zoyamba ngakhale pamere udzu wokongola.

Chachinayi, apatseni madzi njira. Kumbani ngalande kumtunda, patali ndi m'mphepete, yoti izipatutsa madzi asanafike pamtsetse, ndipo ikhale yosadontha chifukwa ngalande yodontha ikuthirira vuto lomwelo. Ming'alu itsekeni ndi dongo lotsendera bwino, musaione ngati yachabe, madzi akuya mita imodzi pansi pake amakankha ndi mphamvu yokwana pafupifupi tani imodzi pa sikweya mita. Mapaipi odontha konzani, madzi a padenga asamathere pomwepo. Khoma lotchinga dothi likhale ndi mabowo otulutsira madzi komanso miyala kumbuyo kwake.

Chonde musakumbe m'munsi mwa mtsetse kuti mupeze malo, dothi la m'munsilo ndi lomwe latchinjiriza lonse lam'mwamba, komanso musaunjike dothi kapena kumanga m'mphepete mwenimweni. Kuti mwakumba ndipo chaka chatha osagwa sizitanthauza kuti zili bwino. Ku London mitsetse ina yomwe anakumba m'dongo pomanga njanji m'zaka za m'ma 1800 inadzagumuka patapita zaka makumi angapo, madzi atabwerera m'dothi pang'onopang'ono.

Vetiva ndi mitengo zimagwira dothi la pamwamba, koma ngati poterera pali pakuya mizu sifikapo. Mng'alu ukamakula tsiku ndi tsiku, zitseko zayamba kuvuta kutseka kapena kasupe uja wayamba kutulutsa madzi amatope, chotsanipo anthu kaye, muitane injiniya wodziwa za nthaka adzaboole ndi kuyeza pomwe madzi afika.