Kukhazikitsa Querydsl Collections: zolakwa zigwidwe pulogalamu isanayambe kugwira ntchito

Anzanga olemba mapulogalamu a Java, vuto ili mumalidziwa. Muli ndi mndandanda wa zinthu mu memory, mukufuna kusankhamo zina, ndiye dzina la field mwalilemba ngati mawu wamba, "mudzi". Mawa mnzanu wasintha dzinalo kukhala "dera", compiler ili duu, ndipo cholakwacho chikatulukira pulogalamu ili kale m'manja mwa anthu. Querydsl, library ya Java yolembera mafunso ofufuzira deta yomwe inayambira ku kampani ya Mysema ya ku Finland, imathandiza pa vuto la mtundu umenewu. Gawo lake la querydsl-collections limafufuza mu List ndi magulu ena a Java popanda database.

Mu pom.xml ya Maven ikani zinthu ziwiri za gulu la com.querydsl: querydsl-collections, ndi querydsl-apt yomwe scope yake ikhale provided. Chonde onetsetsani kuti version ya zonse ziwiri ndi imodzi, mwachitsanzo 5.0.0 yomwe inatuluka mu 2021. Mukaona malangizo otchula com.mysema.query kapena list(), dziwani kuti ndi a Querydsl 3. Kuyambira pa 4 dzina ndi com.querydsl, ndipo zotsatira timazitenga ndi fetch(). Kusakaniza mibadwo iwiriyi kumadyera anthu nthawi yambiri pachabe.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa ma Q-class, omwe ndi ma class amene Querydsl imadzipangira yokha kuchokera ku ma class anu, dzina lake n'kuyamba ndi Q. Tinene kuti muli ndi class ya Mlimi, yokhala ndi dzina, mudzi ndi matumba. Pamwamba pake ikani @QueryEntity. Kenako mu apt-maven-plugin tchulani processor ya com.querydsl.apt.QuerydslAnnotationProcessor, ndipo zotuluka zipite ku target/generated-sources/java. Mukalamula mvn clean compile, mupeza fayilo yatsopano ya QMlimi.java. Itseguleni muione ndi maso anu: mudzi wasanduka StringPath, matumba asanduka NumberPath. Ngati IntelliJ kapena Eclipse ikulemba QMlimi mofiira pamene Maven yadutsa bwinobwino, musayambe kusinthasintha ma version. Iuzeni IDE yanuyo (IntelliJ kapena Eclipse) kuti foda ija ndi ya ma source. Fayiloyi musailembe pamanja, ndiponso musaiike mu Git, chifukwa imabadwanso nthawi iliyonse mukapanga compile.

Tsopano funso lenilenilo, momwe alimi ndi List yanu ya Mlimi imene mukufufuzamo:

QMlimi m = QMlimi.mlimi;
List<Mlimi> ambiri = CollQueryFactory.from(m, alimi).where(m.mudzi.eq("Chimwala"), m.matumba.gt(20)).orderBy(m.dzina.asc()).fetch();

Yesani dala kulemba m.matumba.eq("makumi awiri"). Compiler ikana pomwepo, poti matumba ndi nambala. Sinthaninso mudzi ukhale dera, mupange compile: malo onse amene munatchula m.mudzi aonekera. Phindu lonse la ntchitoyi lagona pamenepa. Kuli ngati kusankha mbewu musanadzale, m'malo modzaona mipata m'munda chimanga chitamera kale.

Pali njira ina yosafuna ma Q-class, yogwiritsa Alias.alias(Mlimi.class) ndi chizindikiro cha $. Imathandiza poyeserera mwachangu, koma pa ntchito ya gulu ine ndimalimbikitsa ma Q-class, chifukwa aliyense amawerenga mosavuta.

Zinthu ziwiri muzidziwiretu. Funso likayenda koyamba limachedwerapo, chifukwa Querydsl imalisandutsa code ya Java n'kuipanga compile pulogalamu ili mkati moyenda, pogwiritsa compiler ya JDK kapena ECJ ya Eclipse. Kenako imasunga code yapangidwayo kuti iigwiritsenso ntchito. Choncho poyeza liwiro musawerengere ulendo woyambawo. Chachiwiri, muno mulibe ma index (milozo yothandiza kupeza zinthu mwachangu) ngati a database: mndandanda umayendedwa chimodzichimodzi mpaka kumapeto. Ngati zinthu zili mamiliyoni ndipo mafunso akubwera pafupipafupi, ganizirani CQEngine, yomwe imamanga ma index mu memory, kapena database yeniyeni.

Ndinene mosabisa: si pulojekiti iliyonse imene ikufunika zonsezi. Kuchokera pamene Java 8 inabweretsa Stream mu 2014, filter() ndi sorted() zimakwanira pa mafunso ang'onoang'ono, ndipo nazonso compiler imazilondera. Querydsl imabweza thukuta lanu pamene wogwiritsa ntchito akusankha yekha zosefera pa fomu, mudzi wokha, kapena mudzi ndi matumba, inu n'kumazilumikiza ndi BooleanBuilder, class ya Querydsl yophatikizira zosefera. Imathandizanso kwambiri ngati mukugwiritsa kale Querydsl pa JPA (njira ya Java yolumikizira ma class ndi database), popeza Predicate (chosefera cha mu where()) yomweyo mukhoza kuiyesa pa List ya alimi 10 mu unit test musanaitumize ku database. Kumeneko samalani ndi null komanso zilembo zazikulu ndi zazing'ono, chifukwa Java ndi database sizifananitsa mawu mofanana nthawi zonse. Mafunso okhudza zimenezi muwayesenso pa database yeniyeniyo.