Mwana akati "anzanga onse ali nazo", musathamangire kuthumba

Ine ndimagulitsa zovala ndi nsapato za ana za kaunjika pa msika wa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo pakhomo ndikulera ana anga pamodzi ndi a malemu mng'ono wanga. Ndiye mawu akuti "Amayi, anzanga onse ali nazo" ndimawamva konsekonse: pabenchi panga mayi wina akukokedwa chitenje, kunyumba wokokedwayo n'kukhala ineyo. Makolo ambiri tikamva mawuwa timakalipa kuti "kodi ndalama ndimachita kutola?", apo ayi timatenga ya ndiwo n'kugula, usiku n'kugona mtima uli m'mwamba. Zonsezi zimamusiya mwana pomwe anali. Pano ndikuuzeni mmene ine ndimayendetsera nkhaniyi.

Yambani n'kumvetsa chimene chikumupweteka. Pa buleki ana amakhala m'timagulu, ndipo kagulu kalikonse kali ndi chake cholowetsera munthu. Kwa anyamata ena ndi jezi ya Bullets, ya Manoma kapena ya Arsenal. Kwa atsikana ena ndi chikwama cha katuni ndi kabotolo ka madzi. Ang'onoang'ono amagwirizana pa zigege, mandasi ndi mafilizesi a pageti. Ena ndi kavinidwe komwe anaonera pa TikTok pa foni ya achimwene awo. Mwana amene alibe choikapo amaima kumbuyo ngati mlendo pa mlandu wa eni mudzi, akumva zonse koma alibe polowera. Chimene akukupemphani ndi malo pakati pa anzakewo, katunduyo ndi njira chabe yofikirapo. Mukazindikira izi mudzaona kuti nthawi zambiri pamakhala njira yotchipa yofikira pomwepo.

Musamuyankhe nthawi yomweyo. Muuzeni kuti "ndamva, tikambirana madzulo," ndipo madzulowo mukambiranedi, uku mukusankha mpunga kapena kupala nsomba, alendo ndi abale ake omuseka ali kutali. Mufunseni, "Ali nazo ndani? Tatchula mayina." Kawirikawiri "onse" aja amakhala ana awiri kapena atatu, wina bambo ake ali ku Joni, wina amayi ake ali pa ntchito ya boma. Mufunsenso kuti amene alibe amatani pa buleki, kenaka mumufunse, "Alipo anakunena?" Funso limeneli ndilo lalikulu. Mwana akayamba kukana sukulu, kumva mutu Lolemba lililonse m'mawa, kapena kumanga juzi m'chiuno kuti abise kabudula wobooka kumbuyo, nkhani yafika pa manyazi, ndipo manyazi sangadikire kuti mukolole.

Zochotsa manyazi zikhale patsogolo pa zonse: sopo, mafuta odzola, chovala cham'kati, yunifolomu yosang'ambika, kope ndi cholembera, chovala kuphazi ngakhale chikhale cha pulasitiki. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, linasiyanso kukakamiza yunifolomu, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Koma pa asembule, ana mazanamazana atavala mtundu umodzi, wopanda yunifolomu amaonekera patali, ndipo mwini wake amadziwa. Gulani nsalu mu Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti, mupite nayo kwa telala mzere usanatalike, mumuuze asiye mpendero waukulu woti chaka chamawa mudzangomasula.

Zikatha izi, mulole chinthu chimodzi chokha cha "anzanga", ndipo asankhe ndi mwanayo pakati pa ziwiri zimene inu mungakwanitse. Apa ine ndili ndi maganizo anga amphamvu. Gulani chinthu chimene sichiseweredwa ndi munthu mmodzi. Nsapato yodula amaivala yekha, anzake n'kumangomuyang'ana ndi diso la nsanje. Koma mwini mpira ndi amene amagawa matimu, ndi amene amamuitana pakhomo akachedwa kubwalo, ndipo ngakhale asadziwe kusewera samusiya panja. Chingwe cholumpha chimachita chimodzimodzi, mpira wa manja nawonso. Zinthu zoterezi zimabweretsa anzake pakhomo panu, inu n'kuwadziwa mayina ndi makolo awo. Musanyozenso luso la manja. Mnyamata wodziwa kupinda galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero ndi mateyala a zitsekerero, kapena kumanga mpira wachikulunga wolimba, amakhala ndi gulu lomutsatira popanda tambala. Mupezereni waya ndi mphira, musamuthamangitse kuti akudetsa pakhonde. Mtsikana wodziwa fulaye ndi phada amamukanganirana kumbali zonse.

Tsopano za kaunjika, poti ndiko kwanga. Belo ikangotsegulidwa m'mawa, zabwino kwambiri timazipatula n'kuzikweza mtengo. Ngati mukufuna nsapato ya sukulu yoti ithe chaka, bwerani nthawi imeneyo, mulipire kamodzi. Ngati mukufuna malaya ndi makabudula ovala pakhomo, bwerani dzuwa litapendeka kapena patapita masiku, pamene ife tikufuna ndalama yokaodera belo ina. Musagule sabata ya Khirisimasi, masiku oyandikira Idi, kapena sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, chifukwa tonse timakweza. Juzi gulani mu Okutobala, kutentha kwa Salima kutafika poti palibe amene akuliyang'ana, mulisunge kudikira mwera wa mu Juni. Mwana akakhala kuti simunabwere naye, dulani kaudzu kapena kachingwe muyeso wa phazi lake, muonjezere chala chimodzi. Pindani nsapatoyo muone ngati pansi pake sipakutseguka, yesani zipi, yang'anani m'khwapa ndi pakati pa miyendo. Mukafika kunyumba chapani, sitani, mupereke chitapindidwa bwino. Chovala chochapa ndi chosita palibe mwana amene angachiseke, koma nsapato zina zonyezimira za m'mashopu zimatha kuyasama pasanathe teremu, mwana n'kubwereranso pa manyazi omwe aja, ndalama itapita.

Pa zimene simungakwanitse, nenani zoona. Ana amamva za ndalama kuposa mmene timaganizira. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo belo, poti imachokera kunja, inakwera nthawi yomweyo, sopo ndi mafuta ophikira n'kutsatira. Mwana wa Sitandade 5 angathe kumva mukamuonetsa kuti "ya lero ndi iyi, apa ufa, apa ndiwo, apa makala, yatsala iyi." Mawu oti "tidzaona" amamupweteka chifukwa alibe tsiku. Mupatseni tsiku: "tikagulitsa mpunga", "tikagawana ku banki nkhonde mu Disembala." Tsikulo likafika chitani, ngakhale iye ataiwala. Mwana amene ali ndi tsiku amakauza anzake kuti "yanga ikubwera tikakolola," ndipo mawu amenewo okha amamuimika pagulu. Ngati chinthucho simudzagula konse, nenani kuti ayi kamodzi, ndi chifukwa chake, musamuzunguze miyezi.

Katapila musamuyandikire chifukwa cha zinthu izi. Ambiri amafuna theka lina pamwamba mwezi ukatha, ena kuwirikiza kumene. Zimandiwawa kuona mayi akukongola kuti agule keke, gauni ndi kujambulitsa pa galajuweshoni ya mwana wa sukulu ya mkaka, mwana amene mawa lake sakumbukira n'komwe. Tinene chilungamo, zimenezo timachitira maso a makolo anzathu ndi zithunzi za pa WhatsApp. Pa msonkhano wa makolo imirirani munene kuti keke ikhale imodzi ya kalasi yonse, aliyense asonkhe pang'ono. Mudzaona manja akukwera, chifukwa ambiri akhala akudikira kuti wina ayambe.

Nkhani ya kamba wa kusukulu ndi ya tsiku ndi tsiku. Mwana amabweza mbatata yophika kapena chinangwa chifukwa anzake akudya za m'mapaketi. Chimene ine ndimachita n'kumulongedzera zochuluka kuposa mimba yake: mtedza wokazinga wothira mchere, chimanga chokazinga, zitumbuwa, mango nthawi yake. Pa buleki wolemekezeka ndi amene ali ndi chogawa, ndipo amene wagawa mtedza nayenso amamugawira za m'paketizo. Lachisanu lokha ndi pamene ndimapereka ka ndalama ka pageti, ndipo onse pakhomo amadziwa kuti tsiku lake ndi limenelo, sapemphanso Lachiwiri.

Inu amene muli ndi amuna, alongo kapena amalume a ana ku Johannesburg ndi Cape Town, ndikudziwa kuti katundu wa pa basi uja ndi chikondi chawo, poti manja awo sangafike. Koma auzeni kuti asanagule azifunsa inu. Ndaona mwana akulandira foni ndi nsapato zodula pamene kope alibe, ndipo ndaona zoipa kuposa apo: chikwama chikutsegulidwa pamphasa, mwana wobadwira pakhomo akulandira zitatu, wamasiye wa pakhomo pomwepo ataima pakhomo la chipinda, manja ali kumbuyo. Mwana wamasiye sapempha, ndipo chifukwa sapempha timaganiza kuti sakufuna. Amawerenga chilichonse. Ngati zabwera zosakwana, tsegulani chikwamacho nokha usiku, muonjezerepo za pa kaunjika, mugawe m'mawa aliyense ali ndi chake. Ine pakhomo panga chatsopano chikalowa, chimayamba ndi amene chake chatheratu, kaya ndi wanga kaya ndi wa mng'ono wanga. Ndipo wa kunjayo aziimba foni n'kufunsa mwana aliyense payekha za sukulu ndi dzina la mnzake wapamtima. Zimenezo mwana amakazinena pagulu monyadira ngati mmene anganenere za nsapato.

Foni yakeyake kwa mwana wa pulayimale ine ndimakana, ngakhale ndalama itapezeka. Ikhale ya pakhomo, aziigwira madzulo muli pomwepo, aone kavidiyo kamene anzake akukambirana kuti mawa asakhale wosadziwa, kenaka ibwerere m'manja mwanu. Wa ku sekondale yogonera kapena wodzikhalira pa renti, ya mabatani ikukwana kuimbira ndi kulandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba.

Mwana akatha msinkhu, nkhaniyi imasintha, ndipo kuno kunyanja tisanamizane. Ku Senga Bay, ku Chipoka, ku Lifuwu, mpaka kumagombe a ku Nkhotakota, ndalama ya nsomba imayenda m'manja tsiku ndi tsiku. Mtsikana wa zaka 13 kapena 14 amene akusowa sopo, mafuta, kamisolo ndi mapadi, amene akuchita manyazi kuima pabolodi, amapeza mwamuna wamkulu wokonzeka kumugulira. Sayamba ndi foni. Amayamba ndi botolo la mafuta, kapena kumukweza kabaza ulere. N'chifukwa chake zinthu zimenezi musamadikire kuti apemphe, chifukwa kwa bambo ake sangatchule, ndipo kwa inu amayi angaope kuti muti wayamba chibwenzi. Ikani padera ka ndalama kake mwezi ndi mwezi, mumupatse mwakachetechete, inuyo kapena azakhali ake. Mapadi ochapa alipo, ndipo amayi a mother group pa sukulu zambiri amaphunzitsa kusoka. Mukaona chinthu chatsopano chimene simunagule, funsani tsiku lomwelo, mofatsa, chitseko chili chotseka. Mukamukalipira pabwalo, chachiwiri simudzachiona.

Anyamata nawo amakokedwa ndi gombe lomwelo. Akathandiza kukoka khoka kapena kunyamula usipa n'kulandira yake, mawa amavala jezi imene inu munalephera kugula, ndipo kalasi imayamba kumuonekera ngati kutaya nthawi. Ena ndalamayo imathera kubetcha mpira ndi m'nyumba zoonetsa mavidiyo. Kumuletseratu ganyu sikugwira ntchito pamene pakhomo palibe. Pangani naye pangano: gombe Loweruka ndi pa holide basi, usiku ayi, ndipo ndalamayo mugawe pawiri, ina ya chimene akufuna, ina musunge inu kapena amalume ake, yolembedwa m'kope iye akuona. Pitani kwa aphunzitsi ake kamodzi pa mwezi mukaone kaundula, poti mwana angathe kuvala yunifolomu m'mawa n'kukathera kudoko.

Ngati mwapeza kuti pali munthu wamkulu amene akumupatsa mwana wanu zinthu, musakakambirane naye zolipirana kuseri, ndipo musalole nkhani ya ukwati. Lamulo la dziko lino, kuyambira pomwe malamulo aakulu anasinthidwa mu 2017, limati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Uzani a mother group ndi ahedi, pitani ku polisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Zinthu zimene anapatsidwazo musazitaye kapena kuziwotcha chifukwa cha mkwiyo, zisungeni mupite nazo ngati umboni, ndipo sabata yomweyo mumugulire mwanayo sopo ndi mafuta ake ochokera m'manja mwanu.