Kudinda masikipa kuno ku Mulanje ndi Thyolo: sikirini, vinyl, sublimation kapena DTF?

Musanalandire ndalama ya munthu, onani kansalu kolembedwa kapakhosi pa sikipa: kotoni kapena poliyesitala? Kenako funsani kuti akufuna masikipa angati, ndipo chithunzicho chili ndi mitundu ingati. Njira yodindira imachokera pa mayankho atatuwa.

Ngati ndi kwaya, amayi a Mvano kapena gulu lopita ku Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, masikipa 30 kapena kuposa, mtundu umodzi kapena iwiri, palibe chopambana sikirini, yomwe ndi kudinda podutsitsa inki pa sefa yokokedwa pa felemu. Ntchito yaikulu ili pokonza felemu; ikatheka, sikipa iliyonse imangodya inki pang'ono. Mtundu uliwonse umafuna felemu yakeyake, n'chifukwa chake masikipa asanu a mitundu inayi pa sikirini ndi kuluza. Pa zilembo zikuluzikulu ndi inki yoyera tengani sefa ya 43T (nambalayi ndi kuchuluka kwa ulusi pa sentimita imodzi ya sefa). Mizere yopyapyala imafuna yothinana, monga 62T kapena 77T. Pakani emulsion (mankhwala otseka timabowo ta sefa, omwe amalimba akawalidwa, kupatula pomwe chithunzi chaphimba, pomwe pamatsukika kuti inki izidutsa) m'chipinda chamdima, mopyapyala mbali zonse, muumitse felemu itagona.

Apa ndi pomwe nyengo yathu imavutitsa. Pa chiperoni emulsion imauma pamwamba pokha, mkati ikadali yonyowa, ndiye mukamatsuka chithunzi chonse chimakokoloka. Ipatseni fani usiku wonse. Ngati mumawalitsa felemu padzuwa kuti emulsion ilimbe, musadalire nthawi ya dzulo: dzuwa la Okutobala ku Luchenza si la Juni ku Bvumbwe. Yesani kaye pa kafelemu, kuphimba ndi katoni n'kumavundukula chigawo chimodzi pa masekondi 15 alionse, muone pomwe pagwira bwino.

Podinda, sefa itukuke mamilimita awiri kapena atatu pamwamba pa nsalu, ndipo labala yokokera inki ipendekeke, kukoka kamodzi mwamphamvu. Inki ya plastisol (inki yapulasitiki) siuma yokha ngakhale mutayanika sabata. Imafuna kutentha kwa madigiri 160 mpaka mkati. Ikazizira kokani nsaluyo. Inki ikang'aluka, sinapse, ndipo idzachoka pochapa. Inki yamadzi imafewa bwino pathupi koma imaumira m'sefa mukangozengereza, choncho siyani sefa itakutidwa ndi inki nthawi iliyonse mukusintha sikipa.

Vinyl, pulasitiki yopyapyala yomwe imadulidwa n'kumatidwa pa nsalu ndi kutentha, ndi ya maina ndi manambala, monga pa majezi a matimu a m'maesiteti a tiyi, pomwe aliyense ali ndi lake. Tembenuzani zilembo pa kompyuta musanadule, apo ayi zidzawerengeka chobwerera m'mbuyo. Dindani ndi makina otenthetsera pa madigiri 150, masekondi 10 mpaka 15, mopanikiza kwambiri. Simbi yakunyumba imatentha mosiyana pakati ndi m'mbali, n'chifukwa chake ngodya za manambala zimayamba kumatuka. Tizilembo ting'onoting'ono tikaneni. Kutola zotsalira pakati pake kumatha tsiku.

Chenjerani ndi jezi yofiira ya poliyesitala. Ikatenthedwa kwambiri, utoto wake umakwera n'kulowa m'zoyera, nambala n'kusanduka yapinki patapita masiku, mwini wake atatenga kale. Funsani vinyl kapena filimu yotchinga utoto, yodindika pa madigiri 130 mpaka 140.

Sublimation ndi yokongola koma yosankha. Inki imasanduka mpweya pa madigiri 190 mpaka 200, masekondi 45 mpaka 60, n'kulowa mu ulusi weniweniwo, moti simuimva ndi dzanja ndipo sing'aluka. Imayenera zovala zothamangira, monga za Porters Race, mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje. Koma imagwira pa poliyesitala yoyera kapena yowala basi. Pa kotoni imasuluka, pa nsalu yakuda siioneka chifukwa ilibe inki yoyera. Matani pepala lomwe lili ndi chithunzi pa nsalu ndi tepi yosapsa, chifukwa likasuntha pang'ono chithunzi chimatuluka pawiri.

Kwa amene akuyamba kumene, ife timalimbikitsa DTF, pomwe chithunzi chimasindikizidwa pa filimu kenako n'kumatidwa pa nsalu ndi kutentha, koma osati kugula pulinta yake. Inki yoyera imakhazikika pansi n'kutseka mutu wa pulinta ikangokhala masiku angapo osagwira ntchito, ndipo kuthima kwa magetsi sikuisamala. Gulani makina otenthetsera okha, mafilimu muziitanitsa osindikiza kale ku Limbe kapena Blantyre. Sanjani zithunzi zambiri mothinana pa pepala limodzi kuti filimu isatayike. Tumizani fayilo ya chithunzi ya PNG yopanda mtundu wakumbuyo, ya 300 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi), ndipo pa WhatsApp muitumize ngati document, chifukwa ikapita ngati chithunzi wamba imafinyidwa n'kutuluka yosaoneka bwino. Nkhope ya malemu pa masikipa a chiliza kapena ya akwati pa chinkhoswe si yochitira masewera.

DTF imagwira pa kotoni, poliyesitala, yakuda ndi yoyera yomwe. Dindani pa madigiri 150 mpaka 160, masekondi 10 mpaka 15, musende filimu ili yotentha kapena itazizira malinga ndi zomwe wogulitsa wanena, kenako dindaninso masekondi 5 mutaphimba ndi pepala lophikira makeke. Choipa chake n'chakuti chithunzi chachikulu chodzaza chimakhala ngati pulasitiki pachifuwa, munthu n'kumatuluka thukuta, choncho siyani mipata m'chithunzicho kuti nsalu izipuma. Mafilimu sungani m'chidebe chotseka.

Pa vinyl, sublimation ndi DTF, yambani mwadinda sikipa yokhayokha masekondi 5. Muona nthunzi ikutuluka; chinyezi chimenecho chikatsalira, chithunzi sichigwira bwino. Masikipa a pa kaunjika achapeni kaye, ndipo yesani imodzi ndithu, popeza ambiri ndi osakaniza ulusi.

Popereka katundu, auzeni eni ake kuti adikire tsiku lathunthu asanachape, azichapa atatembenuza ndi madzi ozizira, asamenye pamwala, ndipo simbi isadutse pa chithunzi.