Kuwedza ndi mbedza mu Shire, mmene tinkachitira ife ana a pa Liwonde

Holide ikafika ena mumatenga ana kupita nawo kumudzi, ndipo ngati kwanu ndi ku Liwonde kapena kulikonse m'mbali mwa Shire mukudziwa kale kuti mwana akangoona madzi aja amayamba kuvuta, adadi ndikufuna ndikawedze, adadi tiyeni kumtsinje. Musamukanize, komanso musamusiye apite ndi anzake okhaokha. Pitani naye inuyo. Ife tinakulira pompo, kuwedza tinaphunzira kwa achimwene athu ndi anyamata akuluakulu a m'mudzi, nde ndati ndikufotokozereni mmene zimakhalira kuti musakachite manyazi pamaso pa mwana.

Zida zake sizofuna ndalama zambiri ayi. Dulani nsungwi yowonda koma yokhwima, yotalika kuposa msinkhu wanu, yakuti kunsonga izipindika osathyoka. Yaiwisi imalemera, mwana atopa nayo msanga, bola youma. Twayini ndi mbedza mugula pamsika. Ife twayini akasowa tinkasomola ulusi wa thumba la feteleza nkumaupota pantchafu koma zimenezo zisiyeni, mlamba wamkulu umadula. Mbedza gulani ziwiri zitatu zosiyana kukula chifukwa kukamwa kwa makumba nkochepa, ukaika mbedza yaikulu amangodya nyambo yonse iwe uli duu padzuwa. Choyandama dulani kachidutswa ka patapata yakutha, mukaboole pakati nkulowetsa twayini mothina kuti muzitha kukakweza kapena kukatsitsa, ndipo chapafupi ndi mbedza, ngati chikhatho chimodzi kuchokera pamenepo, mangani kanati kakang'ono ka njinga kuti nyambo izimira.

Nyambo yeniyeni ndi nyongolotsi. Osavutika nkukumba pamtunda pouma, pitani kuseri kwa nyumba pomwe amayi amathira madzi otsukira mbale kapena pansi pa nthochi, khasu kawiri katatu mwazipeza. Ziikeni m'chitini ndi dothi lonyowa, pamwamba masamba, chitinicho chizikhala pamthunzi apo ayi pofika masana zafa zonse ndipo fungo lake simungalipirire. Pobaya yambirani kumutu nyongolotsiyo ivale mbedza yonse, kamchira kokha katsale kakugwedera. Nsima yadzulo imagwiranso makamaka kwa makumba, muikande m'manja mpaka imate, koma imachoka msanga m'madzi nde pamafunika kuyang'ana pafupipafupi. Nthawi ya mvula yoyamba ngumbi zikatuluka, eee, imeneyo nde nyambo yomwe nsomba siikana, vuto ndi lakuti mwana yemweyo amazidya musanafike kudooko.

Tsopano nkhani ya malo, apa mpamene ndikufuna mumvetsetse. Shire si kamtsinje kosambamo mwachisawawa. Madzi onsewa akuchokera ku nyanja ya Malawi, kudutsa Mangochi ndi nyanja ya Malombe, ndipo asanafike pa tauni amadutsa mu paki ya Liwonde momwe ng'ona ndi mvuu zadzaza, ndipo nyamazi sizidziwa malire a paki. M'pakimo musayerekeze nkomwe kukaponya mbedza, nkoletsedwa, chiyambire 2015 akuyang'anira ndi a African Parks ndipo alonda ake samasewera. Pafupi ndi zitseko za baraji ya Kamuzu napo ayi. Baraji ija anaimanga mu 1965, imasunga ndi kutulutsa madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira komwe amapanga magetsi, nde madzi a pamenepo amathamanga ndipo amatha kusintha iwe osadziwa.

Funsani asodzi kapena azimayi ochapa kuti masiku ano ng'ona ikuonekera pati, amadziwa bwino kuposa wina aliyense. Sankhani pamalo pomwe gombe lakwera, inu mukhale pamwamba madzi ali pansi, ndipo muime mapazi angapo kuchoka m'mphepete, nchifukwa chake ndinati nsungwi ikhale yaitali. Pomwe pali bango lowirira kapena namasupuni wadzadza pamakopa chifukwa nsomba zimakondadi pamenepo, koma nayo ng'ona ndi pomwe imabisala, nde ponyani mbedza cham'mbali mwa zomerazo inu muli poyera poti mukuona madzi onse. Mwana asakhale pansi miyendo ili lende m'madzi, asagwade kuti asambe m'manja, ndipo mbedza ikakodwa pa muzu dulani twayini basi, mbedza ndi yotchipa. Agogo ankatiuza kuti ng'ona imaloweza munthu, ukamabwera malo amodzimodzi nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku imakuwerengera, nde muzisinthasintha. Mukaona kanjira koterera kotuluka m'madzi kali ndi mapazi akuluakulu ndi ndowe zomwazika, imeneyo ndi njira ya mvuu, imatuluka usiku kukadya msipu nkubwerera m'bandakucha ndipo ikakupeza uli pakati pa iyo ndi madzi palibe zokambirana. Ndie ngakhale anthu amati mlamba umadya bwino kukamada, ndi mwana pitani dzuwa litatuluka kale kapena chakumadzulo kukadali kowala, muzibwerera lisanalowe.

Mukafika mwazani kagaga pang'ono pomwe mukufuna kuponyapo, dikirani kanthawi, kenako ponyani mwakachetechete. Ngati mukufuna makumba choyandama chikhale pafupi ndi mbedza kuti nyambo ilendewere pakatikati pa madzi, ngati mukufuna mlamba kwezani kapatapata kaja mmwamba nyambo ikafike pansi pamatope chifukwa mlamba umasaka ndi ndevu zake pansipo, ndipo umakonda madzi akada mvula ikagwa.

Chovuta kuphunzitsa mwana ndi kudikira. Kapatapata kakangoti gwede iye wakoka kale, mbedza mmwamba, nyambo yapita. Muuzeni ayang'anitsitse. Kakamanjenjemera pang'onopang'ono pamalo amodzi amenewo ndi matemba kapena tiana ta nsomba tikungojompha, asiye. Kakayamba kuyenda cham'mbali kapena kuti mbwii kumira, pamenepo nde akoke, koma kukoka kwake ndi kwa padzanja, kamodzi mofulumira, osati kuzunguza ndodo yonse mpaka mbedza kukakola khutu la mnzake kumbuyo. Mlamba sunyengerera, umangotenga nkumapita ndipo ndodo imapindika mpaka mwana kukuwa, apo mugwireni pamapewa, musamulande ndodo, amve yekha kulemera kwake. Ukafika pamtunda ukokereni kutali ndi madzi musanaugwire. Umaterera komanso uli ndi minga yolimba m'mbali kuseri kwa mutu, ikakubaya dzanja limawawa tsiku lonse, nde upanikizeni pansi kaye kenako muugwire zala zili kuseri kwa mingayo. Suferapo msanga ayi, umapuma mpweya, mutha kufika nawo kunyumba ukadali kuphupha. Tinsomba tating'ono kwambiri bwezerani m'madzi, ndipo mwana akakuuzani zoti anzake amakokolola ndi neti ya udzudzu mumuuze kuti nzoletsedwa, zimenezo zimatha nsomba mumtsinje.

Nsomba zanu ikani mu ndowa pamtunda. Ena amazitunga pa chingwe nkuziviika m'madzi kuti zisafe, ena mpaka kumangirira chingwecho kumwendo, aise kumeneko nkuitana ng'ona ndi dzina. Kutumbulanso kachitireni kunyumba, magazi ndi matumbo musataye padooko pomwe mawa anthu abwera kudzatunga.

Kunyumba makumba apaleni mamba, potumbula samalani ndulu isaphulike chifukwa nsomba yonse iwawa, thirani mchere nkuwotcha pamakala, ndipo mwana wogwirayo ndi amene ayambe kusankha yake, ndi mmene zinkakhalira kwathu. Mlamba upakeni phulusa kaye nkuupukuta kuti kuterera kuchoke, ukakhala waukulu uwambeni pamoto wa utsi mudzadye mawa ndi tomato, umakoma kuposa wauwisi.

Chinanso, ana obwera kuchokera m'tauni amathawa nkukasamba m'madambo ndi m'timadzi toima tomwe muli nkhono, inu osadziwa. Ife tili ana tinkaona ngati kukodza magazi nchizindikiro choti mnyamata wakula, pomwe ndi likodzo lenileni. Silionekera tsiku lomwelo, limatenga masabata angapo, nde mukabwerera ku Blantyre kapena ku Lilongwe muzimufunsa mwanayo, akanena zoti mkodzo wafiira kapena ukuwawa mupite naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti anali ku Shire, mankhwala ake alipo ndipo amapereka molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa mwana.