Musanagule makina odulira mapepala ndi ma CD, onani izi

Pepala limene mwataya kudzala lero, mawa likhoza kukulungidwira mandasi kapena bonya pamsika. Muno mu Mzuzu timaziona: munthu wagula tchipisi, pepala lomukulungira n'kukhala payslip ya mphunzitsi wina, dzina, nambala ya akaunti ndi ngongole zake zonse zili poyera. Chiyambireni kalembera wa NRB mu 2017, fotokope ya chiphaso cha unzika imafunidwa paliponse, ku banki, polembetsa SIM khadi, pofunsira ntchito, ndipo zotsala zimangounjikana m'nyumba. Akathyali oimbira anthu foni kuti awabere ndalama amasakasaka zomwezi: dzina lonse, tsiku lobadwa ndi nambala. N'chifukwa chake ndikulangiza amene muli ndi mapepala ambiri pakhomo, makamaka abizinesi, alembi a mipingo ndi a banki mkhonde, kuti mukhale ndi shredder, makina odula mapepala tizidutswatizidutswa.

Musayambe ndi mtengo. Yambani ndi kadulidwe. Makina otchipa ambiri amangong'amba pepala mizere italiitali ngati luzi, ndipo munthu woleza mtima akhoza kuindandalika pansi n'kuwerenga zonse. Pabokosi funani chilembo P chotsatana ndi nambala. Muyezo umenewu ndi wa ku Germany, umatchedwa DIN 66399, unakhazikitsidwa mu 2012, ndipo umayambira P-1 kulekezera P-7. A P-1 amadula mizere yofika mamilimita 12 m'lifupi, a P-2 mamilimita 6, moti pepala likalowa chopingasa, nambala yonse ya akaunti imatuluka ili yathunthu pamzere umodzi. Amenewa asiyeni. Pakhomo tengani a P-4, amene amadula m'litali ndi m'lifupi momwe, mwakuti pepala limodzi la A4 limasanduka tizidutswa pafupifupi 400. A P-5 amapitirira 2,000, koma ndi okwera mtengo, amameza mapepala ochepa pa nthawi imodzi, komanso amalira mafuta pafupipafupi. Ine ndimawaona oyenera maloya ndi a zipatala, osati banja.

Mawu akuti heavy duty amene amalembedwa pabokosi asakutengeni mtima. Funsani wogulitsa kuti makinawo amayenda mphindi zingati asanatenthe. Ang'onoang'ono amagwira mphindi ziwiri mpaka zisanu, kenako amadzizimitsa okha, inu n'kumadikira pafupifupi theka la ola kuti mota izizire. Ngati muli ndi katoni yodzaza mapepala a zaka zambiri, makina otere adzakutopetsani ndipo mudzabwerera kudzala. Olimba enieni amapirira mphindi 20 kapena 30.

Chiwerengero cha mapepala amene makina amameza pa nthawi imodzi nachonso chimanyenga. Akalemba kuti 12, anayesa ndi mapepala atsopano, ouma gwa. Athu kuno, ndi mvula yathu yochedwa kusiya ija ndi nkhungu ya m'mawa, amakhala a chinyezi, makamaka amene agonera m'katoni pansi pa bedi. Pepala lachinyezi silidulika bwino, limamatirira kumano a makina n'kutseka njira. Liyanikeni kaye padzuwa, ndipo pa makina a 12 muziika 8 basi. Kukakamiza mtolo waukulu ndiko kumaswa magiya, amene m'makina ambiri a pakhomo amakhala a pulasitiki.

Za ma CD, ma DVD ndi makadi a ATM otha ntchito, sankhani makina okhala ndi kakamwa kakekake ka zimenezi, komanso kabini kapadera kogweramo zidutswa. Muziika chimodzichimodzi. Ambiri amadula CD zidutswa zitatu kapena zinayi zokha, ndipo pakhomo n'zokwanira. Musaziwotche: utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa. Flash disk ndi hard disk musayese kulowetsamo, mudzathyola mano a makina.

Magetsi a ESCOM ndi a 230V, ndipo masoketi athu ndi a mano atatu amakona. Makina otumizidwa ndi achibale kuchokera ku America amakhala a 120V, mukangowalumikiza amapsa pomwepo. Werengani kachikwangwani ka kuseri musanapereke ndalama, makamaka pogula ogwiritsidwapo kale ntchito. Ochokera ku Johannesburg mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu, koma pulagi yake ndi ya mano obulungira. Pitani nayo kwa wodziwa zamagetsi aisinthe, musamaikanikize m'soketi. Magetsi akazima, zulani pulagi mpaka atabwera n'kukhazikika. Amene mumadalira sola, dziwani kuti mota imakoka mphamvu yambiri poyamba kuzungulira, ndipo inverter yaing'ono ikhoza kulephera.

Popita kusitolo nyamulani mapepala anu akale, ena okhala ndi mapini a stapler, muyese pomwepo. Dinani batani lobweza m'mbuyo muone ngati likulavula pepala. Kokani bini: makina abwino amaima okha bini ikatuluka. Wogulitsa akakana kuti muyese, kapena akakana kulemba garanti pa lisiti, pitani kwina.

Makina odula m'litali ndi m'lifupi momwe, monga a P-4, amafuna mafuta. Nthawi iliyonse mukakhuthula bini, donthezani mafuta ake a shredder pa pepala mokhotakhota, n'kulilowetsa. Mafuta opopera a m'chitini ndi oopsa chifukwa mpweya wake ukhoza kuyaka m'kati, ndipo ophikira amaundana n'kukoka fumbi. Pa ana ndiye ndikupemphani kwambiri: chala cha mwana wamng'ono chimalowa pakamwa pa makinawa. Mukamaliza zulani pulagi, ndipo samalani tayi kapena nsonga ya chitenje poweramira.

Musanadule chilichonse, patulani zikalata za malo, masatifiketi a sukulu, mapepala a ngongole imene simunamalize kubweza ndi a msonkho. Amene mukukayika, funsani kaye ku ofesi imene inakupatsani. Zodulidwazo musataye. Sakanizani ndi zitosi za nkhuku ndi masamba aawisi mu kompositi, kapena yalani m'zisa zoikira nkhuku ndi m'katoni yonyamulira mazira. Muchotsemo malisiti oterera a m'mashopu ndi zidutswa za ma CD, chifukwa izi siziyenera kulowa m'munda.